Boma Likasintha, Lamulo Likhalapobe: Mawu kwa Eni Dziko a ku Diamphwe pa za Kusintha kwa Nyengo

Pa 16 September 2025 Amalawi anaponya voti, ndipo pa 4 October chaka chomwecho Pulofesa Arthur Peter Mutharika analumbiritsidwa kukhalanso mtsogoleri wa dziko lino, kulowa m'malo mwa Dr Lazarus Chakwera, amene analamulira kuyambira mu 2020. Mpando ukasintha mwini, n'kwachibadwa kuti anthu a m'misika ya Mitundu ndi Nathenje, ndi a m'midzi yonse imene imwa madzi a mtsinje wa Diamphwe, afunsane ngati malamulo oletsa kuotcha makala akali ndi mphamvu, ngati mapangano amene boma lapitalo linasaina kunja akali kutimanga, ndiponso ngati mlimi wamba ali ndi mawu alionse pa nkhani yaikulu chotere. Kufunsa n'kwabwino, pakuti safunsa anadya phula. Yankho limene ndifuna kulitambasula pano ndi lakuti lamulo silifa ndi chisankho, ndipo ufulu umene lamulolo lipatsa mzika, pamodzi ndi udindo umene limsenzetsa, zikhalabe m'manja mwa mzikayo kufikira tsiku limene Nyumba ya Malamulo idzazisinthe poyera.

Zimene zasintha kumwamba ndi pansi

Akuluakulu a kuno akumbukira kuti kale mvula inali ndi mwambo wake: chizimalupsa chinkagwa pa matchire opsa, ndipo mvula yobzalira ikadza, munthu ankaponya mbewu ndi mtima wokhazikika, podziwa kuti siithawa msanga. Masiku ano mvula ichedwa, kapena idza mwaukali masiku owerengeka n'kukokolola nthaka ndi feteleza yemwe, kenaka n'kuleka pamene chimanga chifuna madzi koposa, kotero kuti ng'amba ifotetsa mmera umene mwini wake anaugulira feteleza ndi ndalama ya ngongole. Zaka zapitazi zichitira umboni: madzi osefukira a mu January 2015, chilala cha 2016, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, wa Freddy mu March 2023, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndi ng'amba ya 2024, imene inachititsa mtsogoleri wa dziko kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi.

Akatswiri a zanyengo a m'maiko onse agwirizana kuti gwero la zimenezi ndi mpweya umene utuluka pamene anthu atentha malasha, mafuta a galimoto ndi gasi, ndiponso pamene agwetsa ndi kuotcha nkhalango. Mpweyawo ukwera nukhala mlengalenga zaka zambirimbiri, nufunditsa dziko ngati bulangete, kotero kuti kutentha kumene kukadabwerera kumwamba kutsalira pansi pano. Pa mpweya wonse wotere umene dziko lapansi litulutsa pa chaka, gawo la Malawi silifika ngakhale limodzi mwa magawo 1,000. Chotero mayi wa ku Mitundu wophika nsima pa mafuwa sindiye anatenthetsa dziko, ndipo maiko olemera ali ndi mangawa kwa iye. Komatu pali choonadi china chimene tisachizembe: ngakhale kuchedwa kwa mvula kuchokera kutali, nkhwangwa imene ilira m'nkhalango ya Dzalanyama ndiyo ilamula ngati mvula yogwayo ilowe pansi kukadyetsa akasupe a Diamphwe, kapena ithamange pamtunda ndi matope kukagwera ku mtsinje wa Linthipe, n'kutisiyira mtsinje wouma m'malimwe.

Lamulo, ndondomeko ndi pangano

Munthu wofuna kudziwa chimene boma latsopano lingathe kusintha, ndi chimene silingathe, ayenera kusiyanitsa zinthu zitatu zimene pa wailesi zimamveka ngati chinthu chimodzi.

Choyamba ndi lamulo. Pamwamba pa onse pali Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, amene m'gawo 13 alamula boma kusamalira chilengedwe, kuletsa kuonongeka kwake, kupatsa anthu malo abwino okhalamo ndi ogwiramo ntchito, ndi kukumbukira ufulu wa mibadwo imene isanabadwe. Pansi pake pali lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA kuti liziyang'anira onse otulutsa utsi, madzi oipa ndi zinyansi zina. Palinso lamulo la nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, lamulo la madzi la 2013, ndi lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023. Malamulo amenewa nduna siingathe kuwafafaniza ndi mawu a pamsonkhano, ngakhale phungu sangathe kuwapumitsa m'dera lake pofuna kukondweretsa omuvotera. Asintha pokhapokha aphungu atakambirana m'Nyumba ya Malamulo, mtsogoleri wa dziko n'kusaina, ndipo lamulo latsopanolo n'kulengezedwa m'Gazette.

Chachiwiri ndi ndondomeko, ndiyo njira imene boma ladzisankhira yogwirira ntchito. Ndondomeko ya dziko lino ya kusintha kwa nyengo inatuluka mu 2016, ndipo mfundo zake zazikulu ndi kuthandiza anthu kupirira nyengo yosinthayi, kuchepetsa mpweya woipa, kuphunzitsa anthu, kulimbikitsa kafukufuku, ndi kupeza chuma chochitira zonsezi. Ndondomeko boma lililonse lingathe kuikonzanso, ndipo nthawi yotere ndiyo imene mawu a mzika alemera koposa, pakuti mmera mpoyamba.

Chachitatu ndi pangano la pakati pa maiko. Mu 2015 maiko anapangana ku Paris kuti aletse kutentha kwa dziko kusapitirire malire, ndipo Malawi anavomereza panganolo mu 2017. Mu 2021 dziko lino linalonjeza kuti pofika 2040 lidzachepetsa mpweya wake ndi magawo 51 pa 100 alionse, poyerekeza ndi mmene ukadachulukira popanda kuchitapo kanthu. Mwa magawo amenewa, 6 okha ndiwo tinalonjeza kuchita ndi chuma chathu, ndipo 45 otsalawo adalira thandizo lochokera kunja. Pangano lotere limanga dziko lonse, osati chipani. Zoona, boma lingathe kutulukamo potsata njira yake, monga dziko la United States linatulukira mu 2020, n'kubwereranso mu 2021, ndipo mu January 2025 mtsogoleri wake analamula kuti litulukenso. Koma dziko lolemera likatero lili ndi pothawira, pamene ife amene tiyembekeza thumba lolipirira zoonongeka, limene maiko anavomereza ku Sharm el-Sheikh mu 2022, tikadzachoka pabwalo tidzakhala tadzitsekera tokha khomo la mlandu wathu.

Tizindikirenso kuti ndondomeko ya 2016, lamulo la 2017 ndi kuvomereza pangano la ku Paris zinachitika pa ulamuliro woyamba wa a Mutharika, pamene lonjezo la 2021 ndi lamulo la 2023 zinadza pa ulamuliro wa a Chakwera. Chotero palibe chipani chimene chinganene kuti mwana uyu si wake, ndipo palibe mzika imene iyenera kuopa kuti kukamba za nkhalango ndi za mtsinje n'kulowa ndale.

Ufulu umene lamulo likupatsani

Ufulu woyamba ndi wokhala pa malo aukhondo ndi osadwalitsa. Lamulo la 2017 lipereka ufulu umenewu kwa munthu aliyense, ndipo limpatsanso mphamvu yokasuma kukhoti aliyense amene zochita zake zikuononga chilengedwe, ngakhale wosumayo asanathe kusonyeza bala la pathupi pake kapena kutayika kwa chuma chake. Ngati fakitale, mgodi wa miyala kapena esiteti ithira zonyansa mumtsinje umene ng'ombe zanu zimwa, kapena ifuka utsi ndi fumbi pa midzi yanu, mungathe kukadandaula kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Lilongwe kapena ku MEPA, ndipo mfundo ya lamulo ndi yakuti woononga ndiye alipire zokonzera. Wosowa ndalama ya loya apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma linaikhazikitsa chifukwa cha anthu otere.

Ufulu wachiwiri ndi wofunsidwa. Ntchito yaikulu, monga damu, msewu, mgodi kapena munda waukulu wothirira, siiyenera kuyamba popanda kuunika kaye mmene idzakhudzire chilengedwe ndi moyo wa anthu, ndipo pa kuunikako eni dera ayenera kumvedwa. Anthu a kwa Chadza, kwa Kalumbu ndi kwa Mazengera, pamodzi ndi anansi awo a kutsidya kwa Kaphuka ndi kwa Chilikumwendo m'boma la Dedza, adziwa bwino nkhani ya damu la Diamphwe, limene lakhala likukambidwa zaka zambiri kuti lidzamwetse mzinda wa Lilongwe ndi kuthirira minda. Tsiku lililonse limene nkhani yotere idzadzukanso, mudziwe kuti msonkhano woitanira anthu ndi lamulo, si chifundo cha mwini ntchito. Pitani, akazi ndi amuna, funsani za minda, za madimba ndi za manda a makolo anu, ndipo onetsetsani kuti zimene mwanena zalembedwa.

Ufulu wachitatu ndi wa chipukuta misozi. Malamulo Oyendetsera Dziko alola boma kutenga malo a munthu pokhapokha pa ntchito yothandiza anthu onse, litamdziwitsa mwini wake nthawi ikalipo ndi kumlipira moyenera, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Munda wa makolo, ngakhale ulibe chikalata, uli ndi mwini pamaso pa lamulo.

Ufulu wachinayi ndi wodziwa. Kuyambira pa 30 September 2020 lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma lili kugwira ntchito, ndipo woyang'anira kuti litsatidwe ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera ingathe kulemba kalata yofunsa kuti ndalama za mbande za mitengo zinali zingati ndipo zinagula chiyani, kapena kuti ndani anapatsidwa chiphaso chodula mitengo m'dera lawo, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha.

Ufulu wachisanu ndi wosasalidwa pa nthawi ya tsoka. Chilala kapena madzi osefukira zikagwa, thandizo limene lidzera ku nthambi ya DoDMA, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi m'makomiti a m'madera ndi la ovutika onse, pakuti gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko liletsa kusankha munthu chifukwa cha chipani, mtundu kapena chipembedzo chake. Wofuna chiphuphu, kapena wokakamiza mkazi kuti agone naye kuti dzina lake lilembedwe m'kaundula, wapalamula mlandu, ndipo akanenezedwe kupolisi kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Udindo umene lamulo likusenzetsani

Tisayese kuti mwambo wosunga mitengo ndi madzi unadza ndi azungu. M'mapiri a Dzalanyama muli Kaphirintiwa, pamene Achewa amati anthu oyamba anaponda, ndipo kufupi ndi kumeneko kunali kachisi wa Msinja, kumene Makewana ankapempha mvula m'malo mwa mtundu wonse. Kufikira lero, munthu woyenda pa msewu wa ku Mitundu akaona mitengo yachilengedwe itaima pamodzi pakati pa minda yoti mbee, adziwa wosauzidwa kuti apo ndi pamanda, pamene nkhwangwa siiloledwa popanda mawu a mfumu. Mudzi umene ukhoza kusunga mitengo ya akufa ukhozanso kusunga mitengo ya amoyo, ndipo lamulo la nkhalango livomereza zimenezi, pakuti lipatsa nyakwawa ndi anthu ake mphamvu yopatula nkhalango ya m'mudzi, kusankha komiti yoiyang'anira, ndi kuika malamulo awoawo a kadulidwe ndi kagawidwe ka phindu lake.

Dzalanyama inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000. M'menemo ndimo mutumphuka Diamphwe ndi mtsinje wa Lilongwe, umene udzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, kumene mzinda wonse wa Lilongwe umwa. Kudula mitengo, kulima, kumanga kapena kuyatsa moto m'nkhalango yotere popanda chilolezo ndi mlandu. Kuotcha makala, kuwanyamula ndi kuwagulitsa popanda chiphaso cha nthambi ya zankhalango ndi mlandunso, ndipo chisinthireni lamulo mu 2020 chindapusa chinakwera, zaka za kundende zinachuluka, ndipo khoti lingathe kulanda galimoto yonyamulira makalawo. Kuonongeka kwa nkhalangoyi kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukailondera, chinthu chimene chiyenera kutimvetsa chisoni ife amene makolo athu ankaiopa popanda mfuti.

Palinso maudindo ena ooneka aang'ono. Majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60 analetsedwa ndi malamulo a 2015; makampani anakana nakasuma, koma khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhale, ndipo mu January 2025 khoti linakananso dandaulo lina lofuna kuchiimitsa. Kuyambira mu 2018 njerwa zootcha siziloledwa pa zomanga za boma ndi pa zomanga zikuluzikulu za malonda, popeza uvuni umodzi umeza mitengo yambiri. Mu 2019 boma linayambitsa msonkho wa kaboni, ndiwo wa mpweya woipa, pa eni magalimoto, ndipo popeza ndalama imeneyi ichokera m'matumba a anthu, anthuwo ali ndi ufulu wofunsa ngati ibwereradi ku ntchito za chilengedwe. Kutentha tchire pofuna mbewa, kulima mpaka m'mphepete penipeni mwa mtsinje, ndi kudula mphanda za chigafa chaka ndi chaka popanda kubzala mtengo ndi umodzi womwe, zonsezi zibweza chilango chake kwa ana athu, pakuti madzi saiwala khwawa.

Koma wogwidwa ndi makala sataya umunthu wake. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko linena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amva, ndi kuti aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo gawo 19 liletsa kuzunza munthu aliyense, kaya womgwirayo ndi wapolisi, msilikali kapena mlonda wa nkhalango. Chindapusa chilichonse chiyenera kutuluka ndi lisiti ya boma. Ndalama yoperekedwa m'manja pa msewu ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse apalamula. Ndinenenso mosabisa kuti chilungamo chimene chigwira mnyamata wokankha njinga ya matumba usiku wonse kuchokera kutsinde kwa phiri, n'kulekerera mwini lole ndi wogula wa m'tauni, ndi chilungamo chopunduka. Pa kalembera wa 2018 nyumba zoyatsa magetsi zinali pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse, ndipo mabanja oposa 90 pa 100 aphikira nkhuni kapena makala. Chotero lamulo lokha silidzapulumutsa Dzalanyama ngati boma silitsitsa mtengo wa gasi ndi magetsi, ndi kutsegulira achinyamata a kumudzi njira zina zopezera ndalama.

Chenjezo pa malonda a kaboni

Mu 2023 boma linatsegula poyera ntchito ya malonda a kaboni, imene tanthauzo lake ndi lakuti kampani ya kunja yotulutsa mpweya woipa ilipira anthu a kuno amene asunga mitengo, kapena amene aphikira mbaula zosatha nkhuni monga chitetezo mbaula, chifukwa cha mpweya umene iwo auletsa kukwera. Malonda amenewa angathe kubweretsa chuma m'midzi, koma angathenso kumanga mudzi zaka makumi angapo ndi pepala limene anthu sanalimvetse. Alendo akadza ndi pangano lotere, mfumu isasaine yokha m'nyumba. Nkhaniyo ipite pabwalo, iwerengedwe m'Chichewa, ndipo anthu afunse kuti panganolo ndi la zaka zingati, ndalama yonse idzakhala yotani ndipo mudzi udzalandira gawo lanji, ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni, bowa ndi masuku, ndiponso ngati boma lavomereza ntchitoyo. Pepala limodzi la panganolo litsale m'mudzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika makomiti a malo kuti nkhani zotere zisagamulidwe ndi munthu mmodzi, ndipo mlangizi wa zankhalango, kapena aphunzitsi a sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, imene ili pakhomo pathu pomwe, angathe kuthandiza kumasulira mawu ovuta.

Mawu otsiriza kwa inu eni dziko

Phungu ndi khansala amene munawasankha mu September 2025 ndi antchito anu kufikira chisankho china, ndipo muli ndi mphamvu yowaitana pabwalo ndi kuwafunsa mwaulemu, koma mosaopa, kuti bajeti ya dziko ndi ya khonsolo yaika ndalama zingati pa nkhalango, pa ulimi wothirira ndi pa kuchenjeza anthu za nyengo. Muwafunsenso kuti lonjezo la Malawi lokonzanso mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka yoonongeka pofika 2030 lafika pati m'dera lino, ndi kuti eni malole a makala angati aweruzidwa. Uthenga wa nthambi ya zanyengo wonena za kagwedwe ka mvula ya chaka ndi wanu, ndipo mlangizi ayenera kuufikitsa kwa inu musanagule mbewu.

Koma wofunsa boma ayambe wasesa pakhomo pake, kuti mawu ake akhale ndi kulemera. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April chaka chilichonse. Inu mafumu, patulani nkhalango za m'midzi ndipo muzilembetse ku ofesi ya zankhalango. Inu alimi, lekani nsangu ndi ziphukira za zitsa zikule m'minda mwanu, ndipo bzalani nsungwi ndi mitengo m'mbali mwa Diamphwe. Inu a mipingo ndi aphunzitsi, werengerani anthu malamulo awa kufikira mwana wa sukulu atawadziwa. Mutu umodzi susenza denga. Chotero gwirizanani, dziwani ufulu wanu, senzani udindo wanu, ndipo musalole munthu aliyense, wa chipani chilichonse, kukuuzani kuti lamulo la chilengedwe linatha ndi chisankho.